BWENZI LA PA TSIKU LA TSOKA

Phunziro la kuwerenga pa banja ndi m'misonkhano ya pakati pa sabata

Masiku ano munthu akati, Uje ali ndi bwenzi, ambiri aganiza msanga za mnyamata ndi mtsikana amene alikufunana. Koma makolo sanali kuwamva motero mau amenewa. Kwa iwo bwenzi anali munthu wosakhala wa mimba imodzi ndi iwe, amene unamsankha wekha, nudya naye, nuyenda naye, numuuza za kumtima zimene ngakhale mbale wako sanazimve. Mwamuna anali ndi bwenzi lace lacimuna, ndi mkazi mnzace wacikazi. M'madera ena akazi anali kupangana cinjira, napatsana mphatso poyera kuti mudzi wonse udziwe. Ubwenzi wotere suli wa ukwati, ndipo sutsata ukwati. Uli ndi ulemu wacewace.

Mbale munthu sasankha, angobadwa nampeza. Cifukwa cace akulu amati cibale ndi pfupa, siciola. Koma ubwenzi umaola, ndipo wambiri waola kale. Akulu omwewo ananena za cibwenzi ca nkhwangwa, cokoma pokwera: munthu pokwera mumtengo aikoleka nkhwangwa paphewa mosamala, koma atadula nthambi imene anaifuna, aiponya pansi natsika yekha. Mabwenzi a pa mowa, a pa nyama, ndi a pa kutha kwa mwezi sasowa m'mudzi uli wonse.

Tsono bwenzi lenileni lidziwika ndi ciani? Phunziro lino lisanthula mbiri zitatu zochuka: imodzi ya m'Buku Lopatulika, imodzi yocitika m'dziko lino la Zambia, ndi imodzi yopeka. Zonse zitatu zibvomerezana pa mau amodzi, akuti ubwenzi uyesedwa pa nthawi imene mnzako sakhoza kukubwezera kanthu.

1. JONATANI NDI DAVIDE

Mbiri iyi iyamba pa 1 Samueli 18. Jonatani anali mwana wa Sauli, mfumu yoyamba ya Israyeli, ndipo anali msilikari wolimba mtima. Tsiku lina iye ndi mnyamata wonyamula zida zace, awiriwiri, anakwera pathanthwe ku Mikimasi nakantha Afilisti amene anali kulonda pamenepo. Anthu anamkonda kwambiri, kotero kuti pamene atate wace anafuna kumupha cifukwa ca lumbiro lopanda nzeru, anthuwo anakana namuombola. Panalibe wokayika kuti iyeyu ndiye adzalowa ufumu.

Davide anali mbusa wa nkhosa wa ku Betelehemu, mwana wotsiriza wa Jese. Pamene anapha Goliati m'cigwa ca Ela, naimirira pamaso pa mfumu, mtima wa Jonatani unamkonda, ndipo awiriwo anapangana pangano. Jonatani anabvula mwinjiro wace nampatsa Davide, pamodzi ndi zobvala zace za nkhondo, lupanga, uta ndi lamba. Owerenga azindikire kuti mphatso zonsezi zinacokera mbali imodzi. Mbusayo anafika ku nkhondo ndi ndodo, thumba, ndi coponyera miyala. Analibe kanthu koyenera mwana wa mfumu.

Posacedwa nsanje inalowa m'nyumba ya Sauli. Akazi poyimba nyimbo za cigonjetso anatama Davide koposa mfumu, ndipo kuyambira tsiku lomwelo Sauli anamyang'ana ndi diso loipa, kufikira analamula Jonatani ndi anyamata ace onse kuti amuphe. Apa Jonatani anaima pa mphambano. Akadangokhala cete, Davide akadafa, ufumu nukhala wace wopanda wolimbana naye, ndipo palibe munthu akadamchula wambanda. Njira yina inali kupandukira atate wace ndi kuthawira kuthengo pamodzi ndi Davide. Jonatani sanatsate iyi kapena iyo. Anacenjeza bwenzi lace kuti libisale, napita kwa atate wace, nawakumbutsa mwaulemu zabwino zimene Davide anacitira dziko, nawafunsa cifukwa ca kukhetsa mwazi wosacimwa. Sauli anamvera, nalumbira kuti Davide sadzaphedwa. Koma mtima wa nsanje sukhalitsa pa lumbiro.

Pa phwando la mwezi watsopano mpando wa Davide unakhala wopanda munthu masiku awiri. Jonatani atamnenera bwenzi lace, Sauli anapsa mtima, namtukwana, namuuza poyera kuti masiku onse a moyo wa mwana wa Jese, ufumu wa Jonatani sudzakhazikika. Mau amenewa anali oona, ndipo Jonatani anawadziwa. Komabe anafunsanso cimene Davide analakwa, ndipo atate wace anamponyera mkondo. M'mawa mwace anaturuka kuthengo ndi kamnyamata, naponya mibvi monga anapangana, kuti Davide wobisalayo adziwe kuti ayenera kuthawa. Atabweza kamnyamatako kumudzi, awiriwo analirirana, natsazikana.

Anaonana komaliza m'nkhalango ya ku cipululu ca Zifi, pamene Sauli anali kumsaka Davide ngati nyama. Jonatani anamfunafuna nampeza, namlimbitsa mtima mwa Mulungu, nabvomera ndi pakamwa pace kuti Davide adzakhala mfumu, ndi kuti iye mwini adzakondwera kukhala waciwiri. Atatero anabwerera kwao. Sanamtaye atate wace angakhale anali wolakwa. Anafa pambali pace pa phiri la Giliboa, pamodzi ndi abale ace awiri, polimbana ndi Afilisti. Cotero Jonatani anasunga ubwenzi wosaphwanya cibale, koma mtengo wace unali mpando wacifumu.

Pamenepo kuyesedwa kunagwera Davide. Kulira maliro anamlira ndithu, nampekera nyimbo. Koma kulira ndi kwa masiku owerengeka. Zitapita zaka, ufumu wace utakhazikika ku Yerusalemu, Davide anafunsa ngati watsala wina wa nyumba ya Sauli, kuti amcitire cifundo cifukwa ca Jonatani. Mafumu a masiku aja anazolowera kufunafuna ana a mfumu yakale kuti awathe, osati kuti awadyetse. Kunapezeka mwana wa Jonatani, dzina lace Mefiboseti, wopunduka miyendo yonse iwiri. Pakuti pamene anali wa zaka zisanu, mbiri ya ku nkhondo itafika, mlezi wace anathawa naye mofulumira, ndipo mwanayo anagwa napunduka. Anali kukhala ku Lodebara, m'nyumba ya mwini, kutali ndi mfumu. Davide anamuitana, nambwezera minda yonse ya Sauli, nalamula Ziba ndi ana ace kuti amlimire, nampatsa malo pa gome la mfumu masiku onse monga mmodzi wa ana ace. Jonatani anali m'manda, wosakhoza kuona kapena kuthokoza. Mefiboseti sakadatha kugwira mkondo kumenyera mfumu nkhondo. Monga Jonatani anapatsa mbusa wopanda kanthu, momwemonso Davide anapatsa wopunduka wopanda kanthu.

2. SUSI, CHUMA NDI LIVINGSTONE

Mbiri yaciwiri siiri ya kutali. Dzina la David Livingstone lidziwika ndi ana a sukulu onse, koma maina a Susi ndi Chuma ayenera kudziwika momwemo.

Chuma anali Myao. Ali mwana anagwidwa ukapolo, ndipo m'caka ca 1861 anamasulidwa ku mapiri a ku Shire, masiku amene Livingstone anali kuperekeza Bishopu Mackenzie ndi anzace. Susi anali Msilamu, munthu wamkulu kale, amene analowa nchito kwa Livingstone ku Shupanga, m'mbali mwa Zambezi. M'caka ca 1864 onse awiri anaoloka naye nyanja yamcere m'kangalawa kochedwa Lady Nyassa kufikira ku Bombay, mzinda wa ku India umene lero uchedwa Mumbai. Kumeneko Chuma analowa sukulu, nabatizidwa, nalandira dzina la James. Pamene Livingstone anayamba ulendo wace wotsiriza m'caka ca 1866, kulowera ku mtsinje wa Rovuma, awiriwa anali m'gulu lace.

Wina adzati, Kodi amenewa sanali anchito cabe, olembedwa ndi kulipidwa? Indedi anayamba motero. Iye anali bwana, iwo anyamata ace. Ndiponso sanali angwiro. Ulendowo unali wa njala ndi matenda. Ambiri anathawa, ndipo ena mwa othawawo anafika ku Zanzibar nanama kuti Livingstone waphedwa. Poyamba pa caka ca 1867 amtengatenga awiri anathawa ndi bokosi la mankhwala. M'caka ca 1868, kufupi ndi nyanja ya Mweru, ngakhale Susi ndi Chuma omwe analema, nakana kupitirira naye, ndipo anapatukana miyezi ingapo. Koma pamene anakomananso, Livingstone anawalandira, podziwa kuti iyenso anali ndi zolakwa zace ndi kuti ulendo unali wowawitsa. Kuyambira pamenepo sanamsiyenso. Kumapeto kwa caka ca 1871, pamene Henry Morton Stanley anafika ku Ujiji kudzamfuna, Susi ndiye anathamanga kukauza nkhalambayo kuti kulikudza Mzungu.

Dzinja la 1873 linawapeza m'madambo a ku Bangweulu. Mvula inagwa usana ndi usiku, mitsinje inasefukira, ndipo Livingstone anali kutaya mwazi masiku onse. Pa mitsinje yina Susi ndi anzace anamsenza paphewa, madzi ali m'khosi. Atalephera kuyenda, ndi kukwera buru komwe, anampangira macila. Kumapeto kwa mwezi wa Epulo anafika naye ku mudzi wa mfumu Chitambo, m'dziko la Ilala, nammangira kanyumba ka udzu. M'bandakuca wa pa 1 Meyi 1873, mnyamata wolonda pakhomo anadzutsa Susi. Ndipo atalowa anampeza Livingstone atagwada pambali pa kama wace, mutu uli m'manja, atamwalira.

Apa ndipo nchito ya malipiro inathera. Wowalemba nchito anali atafa, ndipo panalibe Mzungu wina pafupi wakuwalamula kapena kuwaona. Akadamuika m'manda pomwepo, nagawana nsaru ndi mikanda, napita yense kwao, palibe akadawatsutsa. Ndiponso aliyense wodziwa mwambo wa maliro adziwa kuopsa kwa kupita ndi mtembo wa mlendo pakati pa midzi ya eni: mfumu iri yonse ikhoza kutseka njira, kulipitsa mlandu waukulu, kapena kuutsa nkhondo. Koma gulu lonse linasonkhana, nilisankha Susi ndi Chuma akhale atsogoleri, ndipo anapangana kuti adzamnyamula kufikira ku nyanja yamcere, kuti akaikidwe ndi abale ace. Anthu amene sanali a mtundu wace, kapena a khungu lace, anasanduka adzukulu a maliro ace.

Poyamba anayesa kubisa imfayo poopa mfumu Chitambo, koma mfumuyo itamva sinawabvute. Inadza ndi anthu ace kudzalira maliro mwaulemu. Mtima ndi zam'kati anaziika m'kabokosi kacitsulo nazikwirira patsinde pa mtengo wa mpundu, umene Anyanja auchula muula. Jacob Wainwright, mnyamata wodziwa kulemba amene anadza ndi gulu lotumidwa ndi Stanley, anawerenga mau a maliro, nalemba dzina pa mtengowo. Thupi analipaka mcere naliyanika padzuwa masiku 14, nalikulunga m'nsaru, naliika m'khungwa la mtengo, nasokerera cinsaru colimba kunja kwace, nalimangirira ku mtengo wonyamulira. Mabuku ace onse, mapepala ndi zipangizo zace anaziwerenga nazilongedza, osataya kanthu.

Ulendowo unatha miyezi 9, ndipo mtunda wace unaposa mamailosi 1,000. Atangonyamuka, matenda anawagwira ambiri, nagona m'njira masabata. Anaoloka Luapula, pa mudzi wina anamenyana ndi eni ace, ena a m'gulu anafera m'njira osaonanso kwao. Munalinso akazi m'gulumo, monga Halima amene anali kumphikira Livingstone, ndipo iwonso anayenda mtunda wonsewo. Mwezi wa Okotobala anafika ku Unyanyembe, kufupi ndi Tabora, nakomana ndi Cameron ndi Azungu anzace amene anatumidwa kudzathandiza Livingstone. Azunguwo anawalangiza kuti amuike pomwepo, popeza njira ya kutsogolo inali yoopsa. Susi ndi Chuma anakana. Patsogolo pace, anthu a mudzi wina atakana kuti mtembo upite m'dziko lao, iwo anacita ngati aubweza ku Unyanyembe, koma usiku anaumanganso kuti uoneke ngati mtolo wa nsaru za malonda, napitirira nao. Mwezi wa Febuluwale 1874 anafika ku Bagamoyo, napereka katundu wao m'manja mwa akulu a boma la Britain.

Nanga mphotho yao inali yotani? Analandira malipiro ao a nchito, nauzidwa kuti apite. Ku England madokotala anazindikira thupilo poona pfupa la mkono umene mkango unauthyola zaka 30 zapitazo, ndipo pa 18 Epulo 1874 linaikidwa m'nyumba ya mapemphero ya Westminster Abbey ku London, pakati pa mafumu ndi anthu omveka. Jacob Wainwright analipo, nagwira nao bokosi. Koma Susi ndi Chuma panalibe, pakuti palibe anawakumbukira pa nthawi yace. Pambuyo pace James Young, bwenzi lakale la Livingstone, anawalipirira ulendo, ndipo anafika maliro atatha. Kumeneko anathandiza Horace Waller kulongosola mabuku otsiriza a Livingstone. Ndipo zambiri zimene dziko lidziwa za masiku ace omariza zinacokera pakamwa pa awiriwa. Chuma anamwalira ku Zanzibar m'caka ca 1882. Susi anabatizidwa m'caka ca 1886, natenga dzina la David, namwalira m'caka ca 1891. Pa malo a mtengo uja kwa Chitambo paima cikumbutso ca njerwa cimene cinamangidwa m'caka ca 1902. Woima pamenepo akumbukire amene anagona, akumbukirenso amene anasenza.

3. MKRISTU NDI ANZACE A PA ULENDO

Mbiri yacitatu ndi yopeka, koma nthano nayonso iphunzitsa, monga adziwa onse amene anakulira pa moto wa agogo. John Bunyan anali wokonza mapoto wa ku Bedford, m'dziko la England. M'caka ca 1660 anaponyedwa m'ndende cifukwa ca kulalikira wopanda cilolezo, nakhalamo zaka 12. Buku lace lochuka, The Pilgrim's Progress, linasindikizidwa m'caka ca 1678, ndipo latembenuzidwa m'zinenero zambiri za mu Afrika. Lisimba ngati loto ulendo wa munthu dzina lace Mkristu, wocoka ku Mudzi wa Cionongeko kunka ku Mudzi wa Kumwamba. Bunyan anapatsa anthu a m'buku lace maina onena makhalidwe ao, ndipo atatu a iwo aonetsa mitundu ya mabwenzi.

Woyamba ndiye Wopindika, munthu wonga bango lotsata mphepo. Atamva za dziko lokoma ndi akorona a ulemerero, anakondwera, namfulumiza Mkristu kuti ayende msanga. Koma asanapite patali onse awiri anagwa m'thope la Kutaya Mtima. Wopindika anakwiya, nadzikoka kuturukira mbali ya kwao, namsiya mnzace alikumira ndi katundu kumsana. Uyu ndiye mwini cibwenzi ca nkhwangwa.

Waciwiri ndiye Wokhulupirika. Pamene Mkristu anampeza m'njira, anathamanga nampitirira, namwetulira modzitama. Pomwepo anakhumudwa nagwa, wosakhoza kuuka kufikira Wokhulupirika anadza namuutsa, wosamseka konse. Anayenda pamodzi kufikira ku Msika wa Zacabe, kumene anagwidwa cifukwa ca kukana malonda a pamenepo, natsekeredwa m'khola kuti anthu awaseke. Wokhulupirika anaweruzidwa, natenthedwa. Koma munthu wina wa pamsikapo, ataona kupirira kwa awiriwo, anasiya zace namtsata Mkristu. Uyu ndiye wacitatu, Woyembekeza.

Pa ubwenzi wa Mkristu ndi Woyembekeza Bunyan anaonetsa nzeru yace yonse. Njira itakhala ya miyala, mapazi nawawa, Mkristu anaona kanjira kosalala m'dambo la pambali, namkopa mnzace kuti alowemo, angakhale Woyembekeza anakayika. Usiku unawagwera, mvula ndi mabingu, ndipo anasokera. Mkristu anapepesa, pakuti iye ndiye anali wamkulu ndi wosokeretsa. Woyembekeza anamkhululukira pomwepo, wosamkumbutsanso. M'mawa cimphona cochedwa Kusowa Ciyembekezo cinawagwira niciwatsekera m'dzenje la m'linga lace, kuyambira Lacitatu kufikira Loweruka usiku, opanda cakudya, madzi, kapena kuunika. Cinawakwapula, niciwauza kuti kuli bwino adziphe okha. Mkristu, munthu uja anagonjetsa Apoliyoni, anafoka mtima nayamba kubvomera. Woyembekeza, amene analowa m'tsokamo cifukwa ca kulakwa kwa mnzace, ndiye anamletsa, namkumbutsa nkhondo zimene anapambana kale, nampempha apirire pang'ono. Atapemphera usiku wonse, Mkristu anakumbukira kuti ali ndi mfungulo pacifuwa pace, dzina lace Lonjezo, imene inatsegula zitseko zonse.

Patsogolo pace anasinthana. Pa dziko lina la mpweya wogonetsa, Woyembekeza anayamba kuodzera nafuna kugona, ndipo Mkristu ndiye anamdzutsa ndi kumfunsa mafunso njira yonse. Potsiriza anafika pa mtsinje wopanda ulalo, ndiwo imfa. Mkristu anayamba kumira, mdima ndi mantha zitamgwira. Woyembekeza anamgwiriziza mutu pamwamba pa madzi, namuuza kuti phazi lace lapeza pansi polimba, kufikira onse awiri anaoloka.

4. ZIMENE MBIRI IZI ZIPHUNZITSA

Coyamba, bwenzi lenileni liyamba ndi kupatsa, ndipo silisunga ciwerengo. Mwambi uti kupatsa nkuika, ndipo uli woona, pakuti mwinjiro wa Jonatani unabwerera kwa mwana wace ngati malo pa gome la mfumu. Koma Jonatani sanaupereke ndi colinga cimeneco, ndipo sanaone kubwerera kwace. Munthu amene athandiza mnzace kupalira lero kuti mawa akamlande ng'ombe ya pa goli alikucita malonda, osati ubwenzi.

Caciwiri, ubwenzi susankha mtundu kapena ulemerero. Mwana wa mfumu anakonda mbusa. Msilamu wa ku Zambezi ndi Myao womasulidwa ku ukapolo anasenza Mzungu wa ku Scotland. Anthu a dziko lino adziwa kale kuti adani akhoza kusanduka abwenzi, pakuti Angoni ndi Abemba, amene makolo ao analasana ndi mikondo, lero ali pa cimbuya, naseka pamodzi, nathandizana pa maliro.

Cacitatu, ubwenzi wokhalitsa ndi umene udziwa kukhululuka. M'mbiri izi mulibe munthu wangwiro. Susi ndi Chuma anamsiyapo Livingstone. Akadawapitikitsa pa kubwera kwao, mafupa ace akadatayika m'madambo. Mkristu anasokeretsa Woyembekeza. Akadakwiya Woyembekeza, onse awiri akadafera m'dzenje. Midzi yambiri iri ndi nkhalamba ziwiri zimene zinali kudyera mbale imodzi pa unyamata, koma lero sizipatsana moni cifukwa ca mbuzi imodzi yolowa m'munda, kapena ngongole yaing'ono. Amene afuna bwenzi losalakwa adzafa wopanda bwenzi.

Cacinai, bwenzi linena zoona, ndipo likana kutsata mnzace ku zoipa. Woyembekeza sanabvomere mau a Mkristu m'dzenje muja pofuna kumkondweretsa. Mnzako amene akuperekeza ku mowa ndi ndalama za feteleza, nakubisira kwa akazi ako, sakukonda. Alikukumbira dzenje ndi manja ofewa.

Cacisanu, ndico cacikuru, ubwenzi sutha pa manda. Tsiku la maliro anthu acuruka, nyimbo zimveka, nsima iphikidwa. Kuyesedwa kufika patapita miyezi, pamene denga la mkazi wamasiye lidontha, munda wace uli thengo, ndi mwana wa malemu wabwezedwa ku sukulu posowa zobvala. Pamenepo mpamene pafunika munthu wofunsa monga Davide, ngati watsala wina wa nyumba ya bwenzi lace. Pali Amefiboseti ambiri m'midzi, okhala m'nyumba za eni, amene atate ao anali ndi mabwenzi oculuka masiku a moyo wao.

Ambuye Yesu, usiku uja anaperekedwa, anachula ophunzira ace abwenzi, osati akapolo, nawaphunzitsa kuti cikondi copambana ndico ca munthu wotaya moyo cifukwa ca abwenzi ace, monga kwalembedwa pa Yohane 15. Ananena izi podziwa kuti usiku womwewo onse adzathawa, ndi kuti Petro adzamkana katatu. Ndipo atauka kwa akufa anamfuna Petro yemweyo m'mbali mwa nyanja, namkonzera cakudya, nampatsanso nchito. Cotero munthu asayambe ndi kufunsa kuti, Bwenzi langa lenileni ndani? Ayambe ndi kufunsa kuti, Kodi ine ndiri bwenzi lenileni la yani? Mnzako akapsa ndebvu mzimire. Ndipo ukazima, usaime pomwepo kudikira kuti zako zipse.

MAFUNSO A KUKAMBIRANA

1. Kodi Jonatani akadapindula ciani akadangokhala cete? Nanga anasunga bwanji ulemu wa atate wace wosapereka bwenzi lace?

2. Cifukwa ninji cifundo ca Davide kwa Mefiboseti ciposa nyimbo yace ya maliro?

3. Chulani zinthu zitatu zimene zikadaletsa Susi ndi Chuma kunyamula mtembo wa Livingstone. Kodi ubwenzi ukhoza kumera pakati pa wolemba nchito ndi wanchito wace?

4. Wopindika ndi Woyembekeza onse awiri analowa m'mabvuto potsata Mkristu. Anasiyana pati?

5. Kodi mumpingo muno muli mkazi wamasiye, mwana wamasiye, wodwala nthawi yaitali, kapena wandende, amene mabwenzi a kale amuiwala? Adzapita ndani kukamuona sabata ino, ndipo adzatenga ciani m'manja?